Ulendo Wautali wa pa Njinga Kucokera ku Feira

Alimi a m'cigwa ca Luangwa, ambiri a inu muli ndi njinga pakhomo, ndipo mumaidziwa monga cinthu copitira kucigayo, kucipatala kapena kumaliro a m'mudzi woyandikana nawo. Koma zokolola zikalowa m'nkhokwe ndipo masau ayamba kupsa, ena a inu amamanga mtolo wa nsomba zouma, mphasa kapena thumba la masau pambuyo pa njinga, nauyamba ulendo wa masiku awiri, atatu ngakhale sabata lathunthu, kugona kumene dzuwa lawalowera. Nkhani ino ndi ya ulendo wotere. Munthu wokonzeka bwino amabwerako ndi ndalama ndi nzeru zatsopano za ulimi. Wonyamuka mwaphuma amabwerako akukankha njinga yothyoka, ndipo alipo ena amene sanabwereko konse cifukwa ca njobvu kapena ng'ona.

Kuyenda m'midzi pa njinga ndi kugona m'njira si cinthu cacilendo m'dziko lino. M'masiku a Boma la Northern Rhodesia, lisanafike caka ca 1964, Bwana D.C. ndi omthandiza ace anali kuyendera midzi, kuwerenga anthu a msonkho, kumva milandu ndi kuyang'ana m'nkhokwe ngati muli cakudya cokwanira. Azungu aja anatengera ngakhale liwu lathu lomweli la "ulendo" m'cinenero cao. Akulu ena akukumbukirabe umo anthu a m'mudzi anali kulambulira njira kuti njinga ya Bwana ipite bwino. Masiku anonso, kuyambira caka ca 2003, kuli ulendo wa alendo a maiko akutali wochedwa Tour d'Afrique, umene poyamba unali kuyambira ku Cairo kukathera ku Cape Town m'miyezi inai. Njira yao yakhala ikudzera ku Chipata ndi pa mlatho wa Luangwa kunka ku Lusaka. Koma taonani kusiyana kwace. Bwana anali ndi amesenjala, wophika ndi gulu la amtengatenga osenza hema, mpando ndi bokosi la zakudya. Alendo a lero ali ndi magalimoto akulu owanyamulira katundu ndi madzi. Inu mulibe mtengatenga, mulibe galimoto. Zonse zimene mudzadya, kumwa ndi kufunda ziyenera kukwera pa njinga imodzi pamodzi ndi malonda anu.

Njira yace

Boma la Luangwa, limene akulu amachulabe dzina lace lakale la Feira, liwu la Cipwitikizi lotanthauza msika, lili pamene Luangwa amathira m'Zambezi. Tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Pomwepo ndipo pamalo potsika koposa m'Zambia monse, mamita 329 okha pamwamba pa nyanja yaikulu, pamene Lusaka ali pa mamita oposa 1,200. Cifukwa cace kuno kumatentha cotere, ndipo cifukwa cacenso aliyense wocoka ku Feira kunka kumtunda adziwiretu kuti ulendo wopita ndi wokwera.

Kucokera pa Boma kufika pa mlatho wa pa mseu wa Great East pali makilomita monga 90. Mseu umatsata mtsinje wa Luangwa kumadzulo kwace, kupyola m'dziko la Mfumu Mphuka ya Acikunda ndi la Mfumu Yaikulu Mburuma ya Ansenga-Luzi. Kale unali mseu wa fumbi ndi miyala umene unali kudya matayala. Tsopano unathiridwa tara. Mnyamata wopanda katundu angathe kuumaliza tsiku limodzi m'nyengo yozizira. Munthu wosenza malonda augawe pawiri, agone ca ku Katondwe, pamene pali Mishoni ndi cipatala. Mishoni imeneyi inayambidwa ndi ansembe a Cijezuiti amene anaoloka Luangwa kucokera ku Miruru, boma la ku Portugal litasintha m'caka ca 1910.

Nyengo yabwino ya ulendo ndiyo kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wanzeru amacedwetsa ulendo umene suli wa matenda kapena wa maliro.

Njinga ndi katundu

Akulu anayenda pa Raleigh ndi Humber, ana ao pa Eagle amene anali kupangidwa ku Chipata, ndipo lero ambiri ali ndi Buffalo. Dzina la njinga silithandiza ngati mwini wace saisamala. Kutatsala masiku awiri, osati m'mawa wa ulendo, igadamizeni njinga ndi kuzunguza magudumu. Gwirani masipoko limodzi limodzi. Lolobodoka limangidwe, lothyoka licotsedwe ndi kuikapo lina, pakuti sipoko limodzi likathyoka pansi pa katundu wolemera anzace amatsatira, ndipo gudumu limapindika muli pakati pa thengo. Tsukani cheni ndi parafini, ciume, ndipo mudonthezepo mafuta pang'ono okha. Mafuta ambiri amaitana mcenga, ndipo mcenga umadya mano a njinga. Mabuleki ayesedwe katundu ali pomwepo.

M'kathumba ka zipangizo mukhale pampu, chubu capadera, zigamba ndi solushoni yace, sipanala, masipoko atatu kapena anai, ndi malamba a chubu cakale omangira. Cigwa cino ndi ca minga. Mukaima kupuma musagoneke njinga pansi pa mtengo wa masau kapena wa mthethe, ndipo mukamata chubu yambani mwapapasa m'kati mwa tayala ndi zala, cifukwa munga umene unaboola poyamba ukhalamo kudikira kuboolanso.

Keliyala ya Buffalo inapangidwa kuti isenze makilogalamu 100. Kumeneko ndiko kulimba kwa citsulo, si kulimba kwa miyendo yanu. Pa ulendo wa masiku awiri thumba limodzi la makilogalamu 50 ndi zogonera zanu ndi katundu wokwanira. Zolemera zikhale pansi ndi pafupi ndi cishalo, zopepuka monga mphasa pamwamba. Katundu wosongoka m'mwamba amagwetsa munthu pokhota, ndipo wotambalala m'mbali amakoledwa ndi magalimoto. Inu onyamula nsomba kumbukiraninso kuti caka ndi caka Boma limatseka usodzi pa mitsinje yambiri ya m'Zambia kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale. Funsani kwa a za nsomba pa Boma musanamange mtolo, kuti ungalandidwe m'njira.

Tsiku la pa njinga

Wapaulendo amadzuka tambala wacitatu asanalire, namanga katundu, nadya kanthu, koma sanyamuka kufikira kutayera kuti aone patali. Kuno si kumtunda kumene munthu angayende ndi mwezi. Njobvu zimatsikira kumtsinje madzulo ndi usiku, ndipo mbandakuca zimabwerera kuthengo, kudutsa mseu womwewo umene inu mudzayendamo. Cigwaci cili pafupi ndi nkhalango ya zinyama ya Lower Zambezi, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1983, ndipo njobvu sizidziwa malire ace. Njinga imayenda mwakacetecete, kotero kuti munthu amadzidzimuka ali kale pakati pa njobvu yaikazi ndi mwana wace.

Tsono maso anu akhale pansi ndi patsogolo. Ndowe zofuka nthunzi, nthambi zothyoledwa kumene ndi mapazi pamwamba pa mapazi a anthu a dzulo zikuuzani kuti eni ace ali pafupi. Mukaziona, tsikani muli patali, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo dikirani. Musaimbe belu, musaponye miyala, musayese kupyola mothamanga pakati pa gulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ola limodzi lotayika podikira silidzaononga nsomba zouma. Funsani aliyense amene mukomana naye za kumene acokera, ndipo ngati n'kotheka yendani awiri kapena atatu.

Maola abwino opalasa ndiwo kuyambira kutuluka kwa dzuwa kufikira 10 koloko. Pamenepo funani mthunzi, makamaka pa sukulu, pa chalichi kapena pa cigayo pamene pali anthu ndi mjigo, ndipo mukhale pomwepo kufikira dzuwa litapendeka. Madzulo palasaninso maola awiri, koma dzuwa lisanalowe mukhale mutafika pogona.

Nkhani ya madzi ndi yofunika kuposa zonse. Musanyamuke ndi madzi ocepera malita 5, ndipo dzazani cigubu pa mjigo uliwonse umene mupeza, ngakhale cisanathe. Imwani pang'ono pang'ono musanamve ludzu. Munthu akayamba kumva mutu, cizungulire ndi kukokana kwa minofu, ndipo mkodzo wace uli wocepa ndi wofiira, dzuwa layamba kumgonjetsa. Aime pamthunzi, anyowetse zobvala zace, ndipo amwe madzi okonzedwa motere: m'lita imodzi ya madzi abwino musungunule timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere. Mankhwala omwewo ndiwo othandiza wotsegula m'mimba. Akayamba kulankhula zosokonezeka kapena kukomoka, mthireni madzi thupi lonse ndi kumtengera kucipatala msanga.

Mtsinje mudzauona kudzanja lamanja nthawi zambiri, ndipo masana udzakukopani. Ng'ona za m'Luangwa ndi zambiri ndithu. Musasambe, musatsuke njinga, musagwade pagombe pamene simudziwa. Tungani pamene eni mudzi atunga, ndipo madzi a mumtsinje muwiritse kapena muthiremo klorini. Madzi odikha a m'mathamanda amapatsa likodzo.

Kashembe

Pali mlendo mmodzi amene amakonda kukwera njinga osalipira. Kashembe amatsata cinthu coyenda, ndipo amakopeka ndi mtundu wakuda ndi wobiriwira monga thambo. Popyola m'thengo la mupani adzatera pamsana panu ndi pa katundu, nayenda nanu makilomita ambiri kufikira pamudzi pamene pali ng'ombe ndi mbuzi. Iye ndiye amafalitsa matenda oondetsa ndi kupha ziweto, ndiponso kaodzera kwa anthu. Ndiye wacititsa kuti m'cigwa cino ng'ombe zikhale zocepa kuyambira kale. Akulu akumbukira zipata za kashembe pa mseu wa Great East, pamene magalimoto ndi njinga zinali kuimitsidwa, munthu wa kaukonde nazizungulira ndi kuzipopera mankhwala. Nchito imene anali kucita munthu uja muicite nokha: bvalani malaya oyera kapena otuwa a manja atali, ndipo musanalowe m'mudzi wa ziweto imani, kunthani zobvala, yang'anani pansi pa cishalo ndi pa mtolo. Mukadwala malungo osamva mankhwala mutabwerako ku ulendo, uzani a cipatala kuti munalumidwa ndi kashembe.

Pogona

M'cigwa cino musagone m'thengo ngati mudzi ulipo. Fikani kukali koyera, tsikani pa njinga musanalowe pabwalo, bvulani cipewa, ndipo funsani nyumba ya amfumu. Mukaodira ndi kupatsidwa pokhala, dikirani akulonjereni, ndipo pamenepo nenani bwino lomwe: "Zikomo amfumu, ndine mlendo, ndacokera kwa Mphuka, ndikupita ku mlatho ndi tinsomba. Kwandidera, ndipempha pogona." Chulani mudzi wanu ndi mfunda wanu, kawirikawiri mudzapeza kuti m'mudzimo muli mbale wanu kapena wacibale wa akazi anu. Citupa canu ca Boma cikhale m'thumba, pakuti dziko lino ndi la m'malire. Munthu wofika usiku, wosadziwika, ndi katundu womangamanga, asadabwe akamuyesa wakuba mbuzi.

Mlendo ndi mame. Musalemetse eni nyumba, makamaka caka ca njala. Tulutsani ufa wanu ndi nsomba ziwiri zitatu mupereke kwa amai a pakhomo kuti aphike pamodzi ndi zao, ndipo kamcere kapena kasopo kosiya m'mawa sikaiwalika. Njinga ilowe m'nyumba kapena igone pambali panu. Neti ya udzudzu ndiyo katundu wopepuka koposa ndi wofunika koposa. Imangidwa pakhonde, pamtengo, ngakhale pakati pa njinga ziwiri zoimika.

Njinga ikathyoka kutali ndi mudzi ndipo mwakakamizika kugona panja, sankhani malo okwera, oyera, kutali ndi madzi. Musagone pa kanjira kocokera kumtsinje, pakuti mvuu zimatuluka usiku kukadya msipu ndipo zimabwerera njira yomweyo. Musagone pansi pa msangu pamene nyemba zace zikugwa, kapena pansi pa masau akupsa: mitengo imeneyi ndiyo mbale ya njobvu. Ngati malonda anu ndi masau, thumba ligone patali ndi pamene mwagona inu. Nkhuni za mupani zimasunga moto usiku wonse, koma pozitola gubuduzani cikuni ndi phazi poyamba cifukwa ca zinkhanira, ndipo m'mawa kunthani nsapato. Pocoka zimani moto ndi dothi. Moto wa wapaulendo mmodzi ungathe kutentha udzu wofolerera nyumba wa mudzi wonse.

Kamba wa m'njira amene saonongeka ndi kutentha ndiye cimanga cokazinga, nshawa, mbatata zoocha, masau ouma ndi ufa wa malambe wosungunula m'madzi. Kachasu wa masau musiyeni kufikira mutabwerera kwanu.

Minda ya anzanu

Phindu lina la njinga ndi ili, kuti munthu wa m'basi amaona fumbi lokha, koma wa pa njinga amaona minda, ndipo angathe kuima ndi kufunsa. Safunsa anadya phula. Cigwa cino cimalandira mvula yosafika mamilimita 800 pa caka, ndipo imagwa mosadalirika. M'dzinja la 2023 mpaka 2024 mvula inadula pakati, kotero kuti pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Pamene mukuceza ndi eni mudzi madzulo, afunseni amene anakololako kanthu caka cimeneco, ndipo anabzala ciani. Mapira ndi mcewere zimapirira dzuwa kuposa cimanga, ndipo khobwe amapsa msanga. Makolo a m'cigwa cino anadziwa zimenezi cimanga cisanakhale mfumu ya mbeu zonse. Tidziwa kuti mapira ali ndi bvuto lace la mbalame, ndipo ana amene kale anali kuingitsa mbalame tsopano ali kusukulu. Komabe mlimi wobzala cimanga cokha kuno akucita juga ndi cakudya ca ana ace.

M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala mudzaona alimi ena akukumba maenje obzalamo m'mizere, dothi likali louma, ndi kusiya mapesi pansi osawatentha. Tsikani mukaone kuya kwa dzenje, mufunse manyowa amene athiramo ndi tsiku limene amabzala. Dzenje limasunga madzi a mvula yoyamba pamene pali mbeu, ndipo munda wokonzeka kale umabzalidwa tsiku lomwelo mvula ikagwa. Yang'ananinso munda umene uli ndi mitengo ya msangu. Mtengo umenewu uli ndi khalidwe lodabwitsa: umayoyola masamba m'dzinja pamene mitengo ina iphuka, kotero suphimba mbeu, ndipo masamba ace amanenepetsa nthaka. Pena mudzaona zingwe zozungulira munda zopacikidwa nsanza zopakidwa tsabola wosinja ndi oilo wakutha. Funsani mwini munda ngati njobvu zikuopadi, ndi kuti amapakanso pakapita masiku angati.

M'madimba a m'mphepete mwa mtsinje muli nthoci, mbatata, maungu ndi cimanga ca m'cilimwe. Zambezi anamangidwa ku Kariba m'caka ca 1959 ndi ku Cahora Bassa m'caka ca 1974, koma Luangwa alibe damu, ndipo amadzaza ndi kuphwa monga mwa kale, kusiya dothi lacinyezi limene limadyetsa midzi yambiri. Onani kusiyana pakati pa dimba limene mwini wace anasiya bango ndi mitengo pagombe ndi limene analima kufikira m'madzi. Gombe lopanda mizu limagumuka, ndipo caka ndi caka dimba limacepa.

Nzeru tengani, koma samalani ndi mbeu zopatsidwa m'njira. Ana a nthoci ocokera pa phata la masamba opanikizana ndi opinimbira, ndi mitengo ya cinangwa ca masamba opiringizika ndi acikasu, zimanyamula matenda kunka nao kumunda kwanu. Thumba la cimanga lofumbwa limabweretsa anankafumbwe m'nkhokwe yanu. Mbeu yabwino funsani kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu.

Pa mlatho ndi kupitirira

Mlatho umene mudzauona, wolenjekeka pa zingwe zacitsulo, unatsegulidwa m'caka ca 1968. Pamsika wa pafupi nao mabasi a pakati pa Lusaka ndi Chipata amaima, ndipo apaulendo amagula nsomba zouma, madengu ndi mphasa. Musagulitse kwa munthu woyamba kukuthamangirani muli ndi thukuta. Tsamiritsani njinga, imwani madzi, zungulirani msika ndi kumva mitengo ya tsikulo. Ndalama muzigawe pawiri, zina m'thumba la m'kati, kapena muziike pa foni.

Ofuna kupitirira adziwe kuti mseu wa Great East ndi wina. Kum'mawa umakwera kunka ku Kacholola ndi Nyimba. Kumadzulo umakwera mapiri a Manenekela kunka ku Rufunsa, Chongwe ndi Lusaka, makilomita oposa 200, ulendo wa masiku atatu kapena anai kwa munthu wa katundu. Pa zitunda zimenezo kukankha njinga si manyazi. Coopsa ndi malole ndi mabasi pa makona opapatiza: mukamva kulira kwa injini pambuyo, patukani ndithu mutsike m'mbali. Kumtunda usiku wa Juni ndi Julai umazizira kuposa umene munazolowera ku Feira, tsono bulangeti lisatsale.

Pobwerera njinga idzakhala ndi katundu wina, mcere, sopo, mbeu, kapena khasu latsopano, ndipo njira idzakhala yotsetsereka. Pamenepo ndipo ambiri amabvulala. Pamwamba pa citunda ciriconse cacitali imani muyese mabuleki onse awiri. Potsika gwirani ndi kutaya, gwirani ndi kutaya, kuti mabuleki angatenthe ndi kuleka kugwira, ndipo pamene citunda catsetsereka kwambiri tsikani muyende pansi. Khasu ndi cikwanje zimangidwe m'saka, kukamwa kwace kuloze kumbuyo. Mukafika pa mphambano ya ku Feira dzuwa litapendeka kale, gonani pa mlatho, munyamuke kutayera.